Mayi anapuma unamwino kalekale koma akukana kukhala pansi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ku Lilongwe, kwawo ndi ku Dedza. Ndayifupikitsa motere: "Mayi anga anagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba moyo wawo wonse. Pano ali ndi zaka 78, amadwala BP, mawondonso akuvuta. Koma anthu sasiya kugogoda pakhomo, ngakhale usiku. Mwana akangotentha thupi amathamangira kwa iwo. Ku Chigwirizano cha amayi a mu mpingo sajomba, kukazonda odwala ndiye amatsogolera okha. Ife ana tikufuna adzakhale nafe kuno kutauni, iwo akukanitsitsa. Kodi tiwakakamize?"

Achemwali, musawakakamize. Komanso musawasiye mmene aliri.

Tiyambe taona kumene mayi anuwo achokera. Namwino wa msinkhu umenewu anayamba ntchito cha m'ma 1970, bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, la Nurses and Midwives Council, litangokhazikitsidwa kumene mu 1966. Pachipatala chaching'ono chakumudzi dokotala kunalibe. Wobereketsa, wobaya jekeseni, womanga mabala, wodzutsidwa pakati pa usiku anali yemweyo, ndipo anthu ankangomuitana kuti adokotala. Itavuta nkhondo ku Mozambique m'ma 1980, anthu othawa kwawo anakhamukira kuno mpaka kupitirira 1 miliyoni, ndipo Dedza ndi Ntcheu analandira ambiri, poti m'malo ngati Lizulu malire ndi msewu wa M1 womwewu. Kenaka kunabwera Edzi. Wodwala woyamba anapezeka mu 1985, ma ARV aulere anayamba mu 2004. Pakatipo, zaka pafupifupi 20, anamwino ankasambitsa, kumwetsa phala ndi kutseka maso anthu omwe analibe mankhwala owapatsa. Mawodi ankadzaza mpaka ena kugona pansi. Anzawo a ntchito ena anamwalira, ena anapita ku UK kukafuna malipiro abwino. Iwo anatsala, njala ya 2002 n'kuwapezanso pomwepo.

Munthu amene wadutsa mu zonsezi simungamuuze kuti "tsopano khalani pakhonde muzingoothera dzuwa" iye n'kumva. Kutauni mudzawapatsa chipinda chabwino, inde. Koma m'mawa nonse mudzanyamuka, geti n'kutsekedwa, iwo n'kutsala ndi wailesi ya kanema. Palibe wodzawafunsa za chifuwa cha mwana, palibe wodzawauza kuti "amayi, paja ineyo munandilandira ndinu". Kwa iwo kugogoda kumene kukukudetsani nkhawa ndiko kumawauza kuti akadali ofunika pamudzi. Kuwachotsera zimenezo mwadzidzidzi kukhoza kuwafooketsa msanga kuposa mawondowo.

Nkhawa yanu ndi yoona ndithu, ndipo pali zina zoyenera kusintha msanga.

Choyamba ndi cha usiku. Gogo wa BP kudzuka 2 koloko m'mwezi wa June, kuzizira kwa ku Dedza mukukudziwa, n'kumatsetsereka kanjira ka miyala ndi tochi, ndi ngozi. Akagwa n'kuthyoka chiuno, kuyenda kungathere pomwepo. Kambiranani ndi a mfumu kuti alengeze: odwala usiku alunjike kuchipatala, kwa amayi azibwera masana. Mawu akachokera kwa a mfumu, mayi anu sadzamva ngati akukana anthu okha.

Chachiwiri n'chovuta kuwauza, koma namwino weniweni achimvetsa. Mankhwala anasintha. Iwo anaphunzira kuchiza malungo ndi chloroquine. Mu 1993 dziko linasinthira ku Fansidar, mu 2007 linasinthanso kupita ku LA, ndipo masiku ano mwana amayamba wayezedwa magazi asanapatsidwe mankhwala. Kumadera akutali alangizi a zaumoyo ali ndi makiliniki a m'mudzi a ana osapitirira zaka 5, komwe amathandiza malungo, kutsekula m'mimba ndi chibayo. Palinso Chipatala Cha Pa Foni chofunsirako uphungu. Za kuchilira pakhomo ndiye musalole n'komwe. M'midzi yambiri mafumu amalipitsa chindapusa, ndipo mayi akataya magazi ambiri, panyumba palibe chomupulumutsa nacho. Jekeseni ndi mapiritsi aziwasiyira amene ali pa ntchito lero. Chimene mayi anu ali nacho, chomwe wachinyamata wongotuluka kumene ku koleji alibe, ndi diso komanso mawu omveka. Akayang'ana mwana amadziwa kuti kupuma uku si kwabwino, maso awa alowa. Akanena kuti "nyamukani pompano, musadikire kuche", bambo wouma mutu amakafuna njinga. Ntchito imeneyi imapulumutsa miyoyo, ndipo angathe kuigwira ali pampando. Akumanitseni ndi mlangizi wa m'deralo, azidziwana, azitumizirana anthu.

Tsono za thupi lawo. Anamwino ambiri ndi odwala ovuta, amadziwa zonse koma mankhwala awo amadumphitsa. BP siimva kuti munthu anali sisitala. Agulireni kamakina koyezera, azilemba m'buku, inu mukabwera muziyang'ana bukulo pamodzi ndi la kuchipatala. Nthawi yozizira asagone ndi mbaula m'chipinda chotseka, mpweya wa makala umapha mwakachetechete. Pafunikanso nyali ya sola, ndodo, chimbudzi chapafupi, ndi munthu wamkulu wogona nawo m'nyumba. Ndati wamkulu. Chizolowezi chotumiza kamdzukulu kakakazi kuti kakasamale agogo, sukulu n'kuthera pomwepo, ine sindigwirizana nacho, ndipo ndikhulupirira mayi amene anaphunzira m'nthawi yomwe atsikana ambiri sankapita patali sangachifunenso.

Ku Chigwirizano asasiye. Kumeneko ndi kumene kuli anzawo, nyimbo zawo ndi mphamvu zawo. Kaonaneni ndi abusa komanso amayi otsogolera kuti maulendo akutali azipita achitsikana, iwo aziwaphunzitsa: kutembenuza wodwala wogonera kuti asatuluke zilonda, kumusambitsa mosamuchititsa manyazi, kumudyetsa osamutsamwitsa. Luso limeneli likusowa m'makomo ambiri, ndipo likapita nawo kumanda tidzataya tonse. Akamakana chithandizo chanu, akumbutseni za pa Yohane 13, pamene Petro anakana kusambitsidwa mapazi, Ambuye n'kumuuza kuti akapanda kulola alibe gawo ndi Iwo. Munthu amene watumikira moyo wonse amavutika kwambiri kulola kutumikiridwa, ndipo mawu amenewa angalowe bwino akachokera kwa mnzawo wa mu mpingo kusiyana ndi kwa mwana wawo.

Pokakambirana musapite ndi chigamulo chomanga kale. Itanani abale anu onse, amalume ngati alipo, mugawane: wina mankhwala, wina wolipira wowathandiza, wina kubwera mwezi ndi mwezi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kalata yanu ikumveka ngati katundu yense ali pa inu. Afunseni mayi chimene akuopa kutauni, mumvetsere mpaka amalize. Mungathe kugwirizana kuti azibwera ku Lilongwe m'miyezi ya June ndi July yokha, kukafunda n'kubwerera kwawo.

Ikhoza kufika nthawi yoti nkhaniyi isinthe: akayamba kuiwala mphika pamoto, kusokoneza mankhwala, kugwa kawirikawiri, kapena dzanja ndi pakamwa zikafooka mbali imodzi. Chomalizachi ndi cha kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira. Gwirizanani nawo panopa, nzeru zikadali zonse, kuti zizindikiro zimenezi zikadzaoneka adzalola kusamuka. Anaziona mwa anthu ena kambirimbiri, ndiye afunseni kuti azitchule okha.