Funsani Akonzi: Kodi ma "marines" a agogo anali ndani?

Akonzi, agogo anga aamuna anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo nthawi ya atsamunda. Mwana akafika kunyumba dzuwa litalowa n'kumati mtsinje unadzaza, chikhalirecho mvula sinagwe, iwo ankangotsitsa magalasi pamphuno n'kunena kuti, "Tell it to the marines." Bodza likakhala la mkunkhuniza ankati ndi "cock and bull story". Pano ndimaphunzitsa Fomu 3 ndipo ana andifunsa gwero la mawu amenewa. Ndiwauze chiyani?

Mphunzitsi, Luchenza

Aphunzitsi, agogo anuwo ankatanthauza kuti, "Kanamize ena, ine ayi." Ma "marines" anali asilikali amene ankakwera zombo zankhondo za ku Britain, ndipo gulu lawo linayamba mu 1664. Iwo ntchito yawo inali mfuti ndi kusungitsa mwambo m'chombo. Zingwe, mphepo ndi mafunde inali ntchito ya amalinyero, amene ankawaona asilikaliwo ngati alendo osadziwa kanthu za panyanja, oti ungawauze zilizonse n'kuvomera. Mawuwa akupezeka kale m'buku lina la nkhani za panyanja la mu 1804, ndipo mmenemo ali ndi mchira wake wonena kuti asilikaliwo mwina akhulupirira, koma amalinyero sangayerekeze.

Tsono samalani, chifukwa ana anu akakafufuza pa intaneti akabwera ndi nkhani ina yokoma kuposa yangayi. Imati Mfumu Charles II inamva woyendetsa chombo wina akusimba kuti anaona nsomba zouluka, n'kukana kwamtuwagalu. Pomwepo mkulu wina wa ma "marines" anaikira umboni kuti nayenso anaziona. Mfumu akuti inalamula kuti kuyambira tsiku limenelo nkhani iliyonse yokayikitsa izikayamba yauzidwa asilikali amenewa, popeza ayenda maiko ambiri, ndipo akaivomereza ndiye kuti ndi yoona.

Mwaona mmene yatembenuzira zinthu? Opusa aja asanduka akatswiri. Nkhaniyi anailemba ndi William Price Drury mu 1904, ndipo bamboyu anali mmodzi mwa akuluakulu a asilikali omwewo. Anangofuna kuchotsa manyazi pa gulu lake, ndipo pambuyo pake anaulula yekha kuti anachita kupeka. Nsomba zoulukazo zokha ndiye zilipodi m'nyanja zamchere. Ine ndikanakhala inu ndikanawawerengera ana nkhani ziwirizi osawauza yoona, aikane okha yabodzayo.

Za "cock and bull story", kapena kuti nkhani ya tambala ndi nkhunzi, nazo zili ndi nthano yake. Ku England kuli tauni ya Stony Stratford, pa msewu wakale wochokera ku London, pomwe ngolo zokokedwa ndi mahatchi zinkapumira. Pali nyumba ziwiri za alendo, The Cock ndi The Bull, ndipo eni tauniyo amati apaulendo ankapikisana kunama m'nyumba ziwirizi, bodza likumka likula pochoka kwina kupita kwinako. Imakoma kumva, ndipo imakopa alendo, koma palibe cholembedwa chakale chimene chimaitsimikiza. Chodziwika n'chakuti Angerezi ankalemba kale za "nkhani ya tambala ndi nkhunzi" kumayambiriro a zaka za m'ma 1600, kutanthauza nkhani yopanda mutu. Akatswiri ambiri amati inachokera ku nthano zimene nyama zimayankhula, monga momwe ife tingamuuzire munthu kuti zimene akunenazo ndi za Kalulu ndi Fisi. Afalansa nawo ali ndi mawu ofanana, a tambala ndi bulu.

Poti ana a Fomu 3 sakhuta, aonjezereni "a pig in a poke". Mawu oti "poke" ndi akale otanthauza thumba, ndipo mwambiwu, umene unalembedwa kale m'zaka za m'ma 1500, umachenjeza munthu wogula kamwana ka nkhumba osamasula thumba kuti aone chili m'katimo. Amenewo sadzavuta kufotokoza kwa mwana amene mayi ake amagula mbatata pa Bvumbwe.