Gibbon si pusi wa kwathu kuno

Achimwene, mwafunsa ngati nyama ija munaiona pa kanema, gibbon, ndi mtundu umodzi ndi apusi amene timawaona m'mbali mwa msewu potsikira ku Nkhata Bay. Ayi ndithu, ndipo mu Africa muno mulibe. Kwawo ndi nkhalango zowirira za ku Asia, monga ku Thailand, Malaysia ndi zilumba za Sumatra ndi Borneo.

Mukaoneranso kanemayo, muyang'ane kumbuyo kwake: alibe mchira. Abale ake ndi anyani akuluakulu opanda mchira monga gorila ndi orangutan, ngakhale iye ndi wamng'ono. Mtundu wina wa manja oyera, wotchedwa lar gibbon, umalemera makilogalamu 5 mpaka 7 basi. Manja ake ndi aatali kuposa miyendo, zala zake zokhota ngati mbedza, ndiye amayenda cholendewera, kusiya nthambi iyi n'kugwira iyo. Pansi satsikatsika. Chakudya chake chachikulu ndi zipatso, makamaka nkhuyu.

Chimene chimandikhudza ine ndi kuimba kwawo. M'mamawa yaimuna ndi yaikazi zimaimba mothandizana, mawu n'kumveka kutali, kuchenjeza anzawo kuti dera lino lili ndi eni ake. Bere limatenga pafupifupi miyezi 7, mwana amabadwa mmodzi, wina amadzabwera patapita zaka ziwiri kapena zitatu.

N'chifukwa chake zikutha msanga anthu akamagwetsa nkhalango kuti adzale migwalangwa ya mafuta. Ife a ku Mzuzu tikuona mmene makala akudyera mitengo ya ku Kaning'ina. Pusi amathawira m'minda, koma gibbon popanda mitengo yogundana nthambi alibe kolowera.