Mphaka wafa, wasiya tiana

Funso: Mphaka wopanda mwini amene ndinkamudyetsa kuseri kwa nyumba wafa, wasiya tiana titatu tosatsegula maso. Ndikulira ngati ndataya m'bale. Nditani?

Yankho: Pepani kwambiri, mayi. Lirani ndithu, palibe chamanyazi. Inenso wanga atafa, ndinatha mwezi ndikutsukabe kambale kake m'mawa uliwonse.

Koma tianato sitingadikire. Poti maso sanatseguke, sitinakwanitse masabata 2. Tiikeni m'katoni, mutifunditse kansalu, chifukwa kuzizira kumapha msanga. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba. Dokotala wa ziweto akuuzani woyenera. Muzitimwetsa maola 2 kapena 3 alionse, usiku womwe. Tikamwa, tipukuteni kumunsi ndi thonje lonyowetsa m'madzi ofunda kuti tikodze, monga ankachitira make ndi lilime. Katemera wa chiwewe tidzalandira tikakwanitsa miyezi 3.