Kashiamu sayendetsa selo yekha: yankho kwa wophunzira wa ku Mzuni

Wophunzira wina wa sayansi ku Mzuni watitumizira imelo. Akufunsa kuti zimatheka bwanji kashiamu, kanthu kakang'ono chonchi, kulamula mapuloteni ambirimbiri osiyana m'selo. Wawonjezanso kuti anayesa mu labu kuti calmodulin, puloteni yogwira kashiamu, igwirane ndi puloteni ina koma sizinatheke.

Mnzathu, tiyambe ndi kuchuluka kwake. Selo ikakhala phee, kashiamu woyendayenda mkati mwake amakhala pafupifupi 100 nM, pomwe kunja amakhala pakati pa 1 ndi 2 mM (1 mM ndi 1,000 µM, ndipo 1 µM ndi 1,000 nM). Ndiye kuti kunjako ndi wochuluka kuwirikiza ka 10,000. Timipata ta pakhungu la selo tikangotseguka, kashiamu amathamangira mkati n'kufika cha pa 1 µM. Kukwera kumeneku ndiko uthenga. Koma mapuloteni ambiri samva uthengawu okha, amadalira mapuloteni ogwira kashiamu, ndipo wamkulu pa onsewo ndi calmodulin, yomwe Wai Yiu Cheung ndi Shiro Kakiuchi anaitulukira, aliyense payekha, cha mu 1970.

Calmodulin ili ndi ma amino acid, tizidutswa topanga puloteni, 148. Ili ndi mitu iwiri yolumikizidwa ndi kachigawo kopindika mosavuta, ndipo mutu uliwonse uli ndi malo awiri otchedwa EF-hand, onse pamodzi anayi. Kashiamu akalowa m'malo amenewa, mituyo imatseguka n'kuonetsa poyera mbali zodana ndi madzi, zodzaza ndi amino acid yotchedwa methionine, zomwe zinabisika. Mbali zimenezi ndizo zimamata puloteni ina. Popeza methionine ndi yofewa ndipo pakati paja pamapindika, calmodulin imatha kukumbatira mapuloteni a maonekedwe osiyanasiyana. Yankho la funso lanu loyamba lagona pamenepa.

Chimene ophunzira ambiri amaphonya n'chakuti calmodulin kawirikawiri siipatsa enzyme mphamvu yatsopano. Imangochotsa chotchinga, ngati mwala umene kondakitala amaika kunsi kwa tayala pamtsetse wa Chiweta. Tengani enzyme yotchedwa MLCK ya m'minofu ya mitsempha ya magazi: ili ndi kachigawo kake komwe kamatseka malo ake ogwirira ntchito. Calmodulin ikagwira pafupi ndi kachigawoko imakakoka, enzyme n'kuyamba kuika phosphate pa myosin, puloteni yokoka minofu, mtsempha n'kufinyika. Enzyme ina, CaMKII ya mu ubongo, imapitirira apo, chifukwa ikatsegulidwa imadziika phosphate pa amino acid yake ya Thr286 ndipo imapitiriza kugwira ntchito kashiamu atatsika kale. Enzyme ya calcineurin nayo imadikira calmodulin, ndipo ndi imene mankhwala a cyclosporin ndi tacrolimus amaitseka mwa odwala oikidwa impso ya munthu wina. M'minofu ya mtima ndi ya mafupa ntchito yomva kashiamu ndi ya troponin C, m'bale wake wa calmodulin.

Tsono za ku labu. Choyamba onani buffer yanu, madzi amene mukusungunuliramo mapuloteni. Mankhwala ambiri oteteza mapuloteni kuti asaphwanyike amabwera ndi EDTA, yomwe imamanga kashiamu yense, calmodulin n'kukhala yotsekeka. Werengani pabotolo. Ngati mukugwiritsa ntchito phosphate buffer, kashiamu amagwirana ndi phosphate n'kuchita mbuu, choncho sinthirani ku Tris kapena HEPES pa pH 7.5. Thirani 1 mpaka 2 mM CaCl2, mchere wa kashiamu, pogwiranitsa komanso potsuka, osati pogwiranitsa pokha, chifukwa mukatsuka ndi madzi opanda kashiamu puloteni yanu imapita nawo. Pomasula puloteni yanu ku calmodulin gwiritsani ntchito 2 mpaka 5 mM EGTA, yomwe nayo imamanga kashiamu. Ife timakonda EGTA kuposa EDTA pa ntchito imeneyi popeza siigwira magineziyamu kwambiri, kungoti mphamvu yake imagwa pH ikatsika, ndiye yezani pH mutaithira kale.

Konzaninso chubu china chokhala ndi EGTA kuyambira pachiyambi. Puloteni ikagwirabe calmodulin m'menemo, musafulumire kutaya zotsatira. Fufuzani ngati ili ndi kachigawo kogwira calmodulin kotchedwa IQ motif, chifukwa mapuloteni ena otere, monga neuromodulin, amagwira calmodulin bwino pamene kashiamu palibe.