Msuweni, za madzi ndi zida za kwa dokotala wa mano zija

Eee, msuweni, ndaliona funso lako, ndinali ndi wodwala pampando nchifukwa chake ndachedwa. Akuti madzi aja timapopera mkamwa tikamaboola dzino amachokera kuti, ndipo zida zathu timaziphika kapena ayi. Iwe? Unayamba liti kufunsa za mapaipi? Pachinkhoswe paja ndimakuonatu, amuna anga a chisuweni, nyama kutafunira mbali imodzi, Fanta wozizira n'kumupatsa mwana. Chabwino, ndiyankha, koma dikira kaye.

Ukukumbuka amalume aakulu chaka chija cha ng'ombe? Iyayi, ndanama, ng'ombe inali itapita kale, chinali chaka chotsatira, chija agogo anaterereka pachitsime. Dzino lakumapeto linawagwira. Anayamba ndi asipirini, kumuika padzino penipeni, nkhama yonse inapsa n'kuyera kuti mbee. Kenako fodya wamphuno. Amayi kuwachonderera kuti achimwene tiyeni kuchipatala, iwo ayi, kumeneko amabaya anthu onse ndi singano imodzi, ndikatengako matenda. Ndiye anapita kwa bambo uja wa kuseri kwa msika, wokonza njinga uja. Ine ndinawaperekeza, ndili Fomu 2, ntchito yanga inali kunyamula chipewa.

Bamboyo anatenga pulayala, kuiponya m'chitini cha madzi pambaula, kuwira pang'ono basi, kuivuula, n'kuipukuta ndi kansanza komwe amapukutira manja. Amalume atakhala pachitsa, agwira mwendo wa tebulo ndi manja onse. Ndinangomva kuti thyo! Dzino lathyoka, muzu watsalira. Masiku atatu, aaa, kapena anayi, tsaya linali ngati abisamo bango... ndati bango? Mango, ndimati mango. Pakamwa osatseguka, ngakhale supuni ya phala osalowa. Anawagoneka sabata yathunthu, madokotala mpaka kuboola pansi pa chibwano kuti mafinya atuluke. Chipsera chija amati anagwa panjinga, n'chimenechotu. Amalume, ngati mukumvera, pepani, ndaulula, koma ine tsiku limene lija ndinalira kwambiri, ndimaona ngati mutisiya.

Ndiye za kuphika. Madzi owira paokha sakwanira, amathera pa madigiri 100, pomwe pali majeremusi ena amene amadzitsekera m'kachikopa kolimba, safa pamenepo. Ife timatsuka kaye chida chilichonse, kuchiumitsa, kuchimata m'kathumba, n'kuchilowetsa mu autoclave. Ili ngati poto wotseka zolimba, nthunzi yake imafika madigiri 121 kwa mphindi 15 kapena kuposerapo, mwinanso 134 kwa mphindi zochepa. Pakathumbapo pali kachizindikiro kamene kamasintha mtundu kakalowa m'nthunzi. Magetsi akazima pakati, timayambiranso, palibe zoti zapsa kale. Singano ndi kabotolo ka mankhwala a dzanzi n'za munthu mmodzi, tikatha timaponya m'bokosi la singano. Anthu amaopa HIV, koma amene ife timamuopa kwambiri ndi hepatitis B, wa chiwindi uja, amatha kukhala m'magazi ouma pachitsulo sabata yonse ali moyo.

Za madzi, eee, pamenepo wafunsa zanzeru, ndikuyamikire. Timapaipi ta mpando uja n'tating'ono kwambiri, madzi akagonamo usiku mkati mumayanga kandere kosaoneka. Ngakhale ku America zinachitika, ku Anaheim, California, mu 2016, ana ambiri anadwala chifukwa cha madzi a m'timapaipi totere, ena mpaka opaleshoni. Ndiye ife m'mawa timatsegula madzi atuluke kwa mphindi ziwiri tisanaone munthu, ndipo wina akachoka pampando timatsegulanso masekondi 20 kapena 30. Mpando wathu uli ndi botolo lake la madzi oyera, sitidalira apampopi. Pong'amba nkhama timathira madzi a saline otseka, ngati a m'diripi aja.

Koma iwe, msuweni... dzino likukupweteka, eti? Likukupweteka ndipo ukuopa. Ukufunafuna chifukwa choti usapite, ngati mmene anachitira amalume ndi singano ija. Pita akalione. Mwina silofunikanso kuzula, mwina n'longomata, koma ukachedwa chosankha chimatha.

Ukafika, uli ndi ufulu wonena kuti adokotala, kathumba ka zidako mutsegule ndikuona. Yang'ana ngati avala magolovesi atsopano, ngati singano aitulutsa m'pepala lake. Wogwira ntchito bwino sangakwiye, ine ndimachita kusangalala munthu akafunsa. Akakwiya, dzuka, ukapite kwina. Koma kwinako kukhale kuchipatala, osati kunyumba kukagona ndi Panado.

Wamva? Ndikuti upite sabata ino. Ngati tsaya layamba kutupa, kapena thupi likutentha, kapena pakamwa pakuvuta kutsegula, usadikirenso sabata, ndi lero lomwe. Asipirini padzino ayi, chonde. Alamu, ngati muli pafupi naye, mugwireni dzanja mupite naye, yekha ameneyo akathera pa chiwaya cha tchipisi. Udye kaye m'mawa usanapite, anthu amachita chizungulire ndi njala. Iii, andiitana, wina wakhala kale pampando. Undiuze tsiku, ndikuimbira ukatuluka.