X5 ya R950,000 imene mudzaigule R1.6 miliyoni

Funso: Ndimakhala ku Kempton Park kuno ku Joni. Ndine pulambala, ndili ndi anyamata anayi ndi mapikapu awiri. Pandekha ndimayendera Ford Mustang ya zitseko ziwiri, ndimalipira R11,500 pamwezi. Mayi a kunyumba ndi oyembekezera mwana wachitatu, ndipo apongozi akubwera kuchokera ku Ntcheu kudzatithandiza. Ku galaja ina akuti Mustang aitenga pa R430,000, pomwe ku banki ngongole yatsala R520,000. Andipezera BMW X5 ya dizilo ya zaka zinayi, yayenda makilomita 82,000, mtengo wake R950,000. Akuti zonse aziphatikiza, ndizilipira R17,800 pamwezi kwa miyezi 72, ndi balloon (ndalama yotsala yodzalipira kamodzi kumapeto) ya 35%. Bizinesi ikwanitsa chifukwa ndi yomwe imalipira Mustang kale. Kodi nditenge X5 kapena ndifunefune Mercedes GLE?

Yankho: Achimwene, choyamba mafuno abwino pa mphatso ikubwerayo. Chachiwiri, za X5 ndi GLE tiziyike kaye pambali, chifukwa vuto lanu silili pa chizindikiro cha pa boneti. Lili pa mawu awiri amene mwawalemba modutsa ngati opanda kanthu: "zonse aziphatikiza."

Kalata yotere imafika pafupifupi mwezi uliwonse, chimangosintha ndi dzina la galimoto. Mustang yanu ili ndi ngongole ya R520,000, koma akuigula R430,000. Pakatipo pali dzenje la R90,000. Dzenjelo silikwiririka chifukwa choti mwasiya makiyi pa tebulo la wogulitsa. Amalinyamula n'kukaliika pamwamba pa X5, ndiye ngongole yanu yatsopano ndi R1,040,000, tisanawerenge n'komwe tindalama ta mapepala. Kwa zaka 6 mudzakhala mukulipira chiwongoladzanja pa Mustang imene ikuyendetsedwa ndi mnyamata wina ku Durban. Ndipo pa pepala R90,000 imeneyi nthawi zambiri siioneka ndi dzina lake. Ogulitsa ochenjera amakweza mtengo wa trade-in, galimoto yakale imene mukuwasiyira, kuti mumwetulire, n'kukwezanso mtengo wa galimoto mukugulayo ndi ndalama yomweyo. Inu mumatuluka mukuti andichitira chifundo.

Tiwerengere limodzi mwachidule. Simunatchule chiwongoladzanja, koma R17,800 ikusonyeza kuti chili cha m'ma 13%. Miyezi 72 kuchulukitsa ndi R17,800 ikukwana pafupifupi R1,280,000. Mukamaliza pamenepo galimoto sinakhalebe yanu. Balloon ya 35% pa R950,000 ndi R332,500, ndipo imafunika yonse nthawi imodzi mwezi womaliza. Zonse pamodzi zikudutsa R1.6 miliyoni. Tsiku limenelo X5 idzakhala ndi zaka 10, makilomita mwina 200,000, ndipo mukaigulitsa n'kupeza ndalama yongokwanira balloon mudzati Mulungu ndi wabwino.

Anthu ambiri amaiona balloon ngati kuchotsera mtengo. Ayi, ndi ngongole yomwe mwaiuza kuti idikire kumapeto, ndipo podikirapo ikubereka. Popanda balloon mukanamalipira pafupifupi R20,900 pamwezi, zonse n'kukwana R1.5 miliyoni. Ndiye kuti R3,100 imene akukupepuzirani mwezi uliwonse mukuigula ndi R110,000 yowonjezera. Obwereketsa amaikonda balloon pa chifukwa chinanso. Zaka 6 zikatha munthu alibe R332,500 m'thumba, ndiye amabwerera pakhomo pomwepo kukapempha ngongole ina yolipirira ngongole yoyamba, kapena kusinthitsanso galimoto n'kunyamula dzenje lina. Wogulitsa sakufunsani kuti galimoto mukufuna ya ndalama zingati. Amafunsa kuti pamwezi mungakwanitse zingati, kenako amatambasula miyezi ndi balloon mpaka nambala yanuyo itakwana. Mukamva funso limenelo, dziwani kuti mbedza yaponyedwa.

Dzenje lomweli lidzakutsatani ku inshuwalansi. X5 ikabedwa kapena kuphwanyika chaka choyamba, a inshuwalansi amalipira mtengo wa galimoto pa msika tsiku limenelo. Za ngongole yanu alibe nazo ntchito. Mukhoza kutsala wapansi koma muli ndi ngongole ya R150,000 kapena kuposa, pokhapokha mutagulanso inshuwalansi ina yotseka kusiyanako, yomwe ndi ndalama inanso pamwezi. Mukadzalephera kulipira n'kubweza galimoto nokha, malamulo a National Credit Act amalola, koma banki imaigulitsa ndipo chotsala pa ngongole chimakhalabe pamutu panu.

Walira mvula walira matope. Motorplan ya BMW, dongosolo limene kampani imalipira sevisi ndi zokonzetsa, ku South Africa imatha pa zaka 5 kapena makilomita 100,000, chimene chayamba kukwana. Galimoto ya zaka zinayi ndi makilomita 82,000 yatsala ndi chaka chimodzi, mwina osakwana. Zaka zisanu zotsalazo sevisi, mabuleki ndi chilichonse chimene chalira pansipo ndi za m'thumba mwanu, pamwamba pa R17,800. Yang'ananinso matayala. Ma X5 ambiri a marimu aakulu amakhala ndi matayala otambalala kumbuyo kusiyana ndi kutsogolo, ndiye simungawasinthanitse kuti athe mofanana, ndipo galimoto yokoka miyendo inayi ngati imeneyi siifuna tayala latsopano mbali imodzi ndi lakutha mbali ina. Mumagula awiriawiri kapena onse anayi. Musanasaine chilichonse, imbirani ogulitsa matayala muwawerengere manambala ali pa tayalalo, mumve mtengo muli chikhalire.

Tsopano chimene chandiseketsa. Werengani anthu: inu, mayi, ana atatu, apongozi. Asanu ndi mmodzi. X5 wamba ili ndi mipando isanu, ndipo za mzere wachitatu n'zosowa. Lamulo la pamsewu kuno, kuyambira 2015, limati mwana wosakwana zaka 3 akhale mu mpando wake wa ana. Mukamangirira mipando iwiri ya ana kumbuyo, pakati pamatsala malo a chikwama cha matewera. Apongozi mudzawaika pati? Mukufuna kulowa ngongole ya R1.6 miliyoni pa galimoto imene vuto lenilenilo siikulithetsa.

Koma chondipweteka kwambiri m'kalata yanu ndi chiganizo chakuti bizinesi ikwanitsa. Mwadziwa bwanji? Simunandiuze kuti imalowetsa zingati, imatsala ndi zingati mukalipira anyamata anayi, dizilo, mapaipi ndi msonkho. Amene amasunga mabuku amayamba ndi manambala amenewo, ndiye ndikukayika ngati mabukuwo alipo. Ndikuganiza kuti mumayang'ana akaunti pa foni, mukaona muli ndalama mumati zinthu zili bwino. Chonsecho zina mwa ndalamazo ndi dipoziti ya kasitomala yogulira giza (thanki yotenthetsera madzi), zina ndi VAT ya SARS, bungwe lotolera misonkho kuno, ngati munalembetsa, zina ndi malipiro a Lachisanu. Ndipo poti ena amanamizana ku mowa kuti galimoto ukaigulira pa kampani VAT imabwerera: pa galimoto yonyamula anthu ngati X5, lamulo la VAT sililola pulambala kuitanitsa msonkhowo. Ngakhale mafuta ndi sevisi, SARS imafuna buku la maulendo losonyeza kuti makilomita antchito ndi ati, opita kutchalitchi ndi ati. Muli nalo?

R6,300 yowonjezera pamwezi, kuphatikiza kukwera kwa inshuwalansi ndi ndalama yosungira zokonzetsa, tingoti R10,000. Pa chaka R120,000. Mu Disembala ndi Januwale makontilakita atseka, makasitomala ali ku tchuthi, ma invoice sakulipidwa, koma debit order, ndalama imene banki imadzidulira yokha mu akaunti, siipita ku tchuthi. Mwezi umene pikapu imodzi idzafe giyabokosi, mudzasankha pakati pa galimoto imene imabweretsa ndalama ndi imene imadya ndalama, ndipo banki idzakhala itasankha kale m'malo mwanu pa 1 koloko usiku.

Nanga kumudzi? Musandiuze kuti simunaganizeko zolowa nayo pa Mwanza mu Disembala, kudzera Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Galimoto ya ngongole siidutsa malire popanda kalata ya chilolezo yochokera ku banki, imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Yaikulu ndi yakuti X5 ikaima pabwalo ku Ntcheu, mtengo wanu umakwera tsiku lomwelo. Amene amapempha thumba limodzi la feteleza apempha anayi. Fizi ya mwana wa achemwali, malata a amalume, chiliza cha agogo, zonse zidzapeza nambala yanu ya WhatsApp. Simungawauze kuti zinthu zavuta, chifukwa anaiona ndi maso awo, ena anajambulitsa nayo. Iwo sadziwa kuti mwini wake ndi banki. Kuthandiza abale n'koyenera, koma muzichita ndi ndalama imene mwaiika padera mwezi ndi mwezi, osati imene galimoto yakulonjezerani.

Chochita ndi ichi. Pemphani ku banki kalata ya settlement, yosonyeza ndalama yotsekera ngongole yonse ya Mustang, ndipo mufunse ngati pali chilango chobweza msanga, chifukwa pa ngongole zopitirira R250,000 lamulo limawalola kutenga chiwongoladzanja chofika miyezi itatu ngati simunawadziwitse nthawi ilipo. Adziwitseni lero. Kenako Mustang muigulitse payokha, osaimangirira ku galimoto ina. Tengani mitengo kwa ogula atatu, onaninso pa webusaiti yotsatsa magalimoto ya AutoTrader kuti zofanana nayo akuzitsatsa zingati. Munthu wogula yekha kawirikawiri amapereka zoposa za galaja, ndipo Mustang ili ndi okonda ake. Wogulayo alipire ku banki mwachindunji, banki itulutse mapepala a galimoto. Dzenje likatsika kufika R30,000 kapena R40,000, likwirireni ndi ndalama zanu, ngakhale zitatanthauza kudikira miyezi itatu. Mwana wakhanda masabata oyamba sayenda maulendo ambiri.

Mukatero funani ya mipando 7. Toyota Fortuner yogwiritsidwapo kale ntchito, tinene mwabwereka R450,000 kwa miyezi 60 pa 13% yomweyo popanda balloon, ikubwera cha m'ma R10,200 pamwezi. Ndi yotsika kuposa zimene mukulipira Mustang panopa, ndipo mwezi wa 60 ukakwana ndi yanu. Amaipangira ku Durban konkuno, zipangizo zake zili paliponse, ndipo makaniko wa ku Ntcheu akaitsegula boneti sayamba wayimbira foni mnzake. Ndikanatchula Suzuki Ertiga, yomwe ndi yotsika mtengo kwambiri, koma munthu wochokera mu Mustang ndikudziwa kuti simundimvera.

Ngongoleyo ikhale m'dzina lanu, ilipidwe kuchokera ku malipiro amene mwadzidulira nokha mwezi uliwonse, bizinesi isaidziwe. Ndipo tsiku lokaona galimoto mutenge mayi, mutengenso mipando ya ana ija, muimangirire onse akuona, kenako wina wamsinkhu wa apongozi ayese kulowa mzere wakumbuyo ndi kutulukamo.