Funsani: Ndapanga kachinenero ka matagi, nanga ondithandiza ndiwaitane bwanji?

FUNSO

Akulu, ine ndine mphunzitsi wa makompyuta. Ana anga amagwira HTML, chinenero cholembera masamba a pa intaneti, msanga kwambiri, koma ndikangowalowetsa mu Python kapena JavaScript ambiri amagwa ulesi. Choncho kwa miyezi isanu ndakhala ndikupanga kachinenero kanga kolembera mapulogalamu, kamene malamulo ake onse ndi matagi ngati a HTML. Mwana akalemba <bwereza ka="3"><lemba>Moni</lemba></bwereza>, kompyuta imalemba Moni katatu. Pakadali pano kakugwira ntchito pa laputopu yanga yokha. Ndikufuna kakhale ka open source, kuti aliyense awerenge khodi yake, aikonze, aigawire anzake. Paja mutu umodzi susenza denga. Ndiyambire pati kuitana anthu?

Ine wanu, Mphunzitsi

YANKHO

Aphunzitsi, kalata yanu yandisangalatsa, ndipo kachitsanzo kanu ka Moni ndakawerenga mokweza kuti ndimve mmene mwana angakamvere. Kakumveka. Mwambi mwatchulawo ndi woona, koma taonani bwino: anthu amabwera kudzasenza denga limene lamangidwa kale pansi. Mukawaitana mitengo ikadali kutchire, amaima pang'ono, kuyang'anana, kenako n'kumachoka mmodzimmodzi. Ndiye langizo langa loyamba mwina silikukomerani. Mwezi uno musaitane munthu.

Ndikunena zimene zinandichitikira. Zaka zapitazo ine ndi anzanga awiri tinayamba ntchito yofananako ndi yanuyi. Tinatha milungu isanu ndi iwiri tikukambirana dzina ndi chizindikiro chake, tinalengeza paliponse, anthu n'kutiyamikira. Mwa onse oyamikirawo, mmodzi yekha ndiye anatenga khodi n'kuiyesadi. Inamukanika. Anatilembera mzere umodzi wokha, wakuti pulogalamuyo ikufuna fayilo inayake imene iye sakuipeza. Fayiloyo inali pa kompyuta yanga, ndinaiwala kuiika pamodzi ndi zinzake. Ndinamuyankha patapita milungu itatu, iye atapita kale, ndipo sanabwerenso. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa munthu ameneyo ndiye tinkamufuna.

Musanawonjezere tagi ina iliyonse, yang'anani kaye amene anadutsa njirayi, chifukwa simuli oyamba. Mu 1995 abale awiri, J.J. Allaire ndi Jeremy Allaire, anatulutsa ColdFusion, chida chopangira mapulogalamu a pa intaneti, chimene chinenero chake, CFML, chimalembedwa ndi matagi ngati <cfif>, <cfloop> ndi <cfset>. Cholinga chawo chinali pafupi ndi chanu: munthu wodziwa HTML alembe pulogalamu popanda kuyambiranso pansi. Zinatheka, moti CFML ikugwiritsidwabe ntchito lero. Koma pali kanthu kamene anakumana nako, kamene nanunso mukumana nako posachedwa. Chizindikiro cha > chimatseka tagi. Nanga mukafuna kunena kuti x ndi wamkulu kuposa 5, mulemba bwanji mkati mwa tagiyo? Iwo anasankha mawu achidule a Chingerezi, GT, otanthauza kuti wamkulu kuposa, n'kumalemba <cfif x GT 5>. Ku XSLT, chinenero china cha matagi chimene bungwe la W3C, loika malamulo a masamba a pa intaneti, linavomereza mu 1999, munthu akafuna chizindikiro cha < mkati mwa funso amalemba &lt; m'malo mwake, chifukwa malamulo a XML, kalembedwe ka matagi kamene XSLT imatsata, salola kuti chilembedwe poyera pamenepo. Tangoganizani mwana wanu wa m'kalasi akulemba &lt; pofuna kungonena kuti 3 ndi wochepa kwa 4.

Pambuyo pake ColdFusion inawonjezera CFScript, kalembedwe kofanana ndi JavaScript, chifukwa pulogalamu ikakula matagi amachuluka mpaka kuphimba ganizo lenilenilo. Apache Ant, chida chosonkhanitsira mapulogalamu a Java chimene chinatuluka mu 2000, nachonso chimalembedwa mu XML, ndipo ambiri amene anachigwiritsa ntchito anadandaula za kutalika kwa mafayilo ake. Phunziro limene ine ndimatolapo ndi lakuti matagi ndi abwino posonyeza kuti chinthu ichi chili mkati mwa chinthu icho, koma pa masamu ndi olemera. Zimenezi sizikupha ganizo lanu. Kwa ana oyamba kumene, kuona ndi maso pamene kubwereza kwayambira ndi pamene kwathera n'chinthu chamtengo wapatali. Kungoti funso la mmene masamu ndi kuyerekeza zidzalembedwere muliyankhe nokha, panopa, anthu asanabwere. Mukalisiyira gulu, mudzalandira mayankho khumi, ndipo aliyense adzaumirira lake.

Funso lachiwiri loti mugamule ndi la ukali wa chinenero chanu. HTML ndi yofatsa: mukaiwala kutseka tagi, browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, imangoganizira zimene mumafuna n'kupitiriza. XML, imene inakhazikitsidwa mu 1998, ndi yaukali: tagi imodzi yosatsekedwa, zonse zaima. Pa tsamba longowerenga kufatsa kulibe vuto lalikulu, koma pa pulogalamu n'koopsa, chifukwa kompyuta ikaganiza molakwika imachita zimene simunaitume. Ine ndikanasankha ukali, koma ukali wolankhula bwino. Mwana akalakwitsa asalandire uthenga wongoti pali vuto. Alandire wakuti, "Pa mzere 4 mwatsegula <bwereza> koma simunaitseke. Kodi mumafuna kulemba </bwereza> pambuyo pa mzere 6?" Mauthenga otere ndiwo theka la chinenero chophunzitsira, ndipo inu monga mphunzitsi mungawalembe bwino kuposa akatswiri ambiri.

Mukatsatira malamulo a XML ndendende mudzapindula chinthu china: parser, ndiye kuti kachigawo kamene kamawerenga matagi n'kuwasanja, simudzafunika kulemba nokha, chifukwa zinenero zikuluzikulu zonse zili nayo kale. Chenjezo ndi limodzi. XML ili ndi njira yolola fayilo kutanthauzira mawu achidule ake, ndipo anthu oipa mtima amaigwiritsa ntchito kupanga kafayilo kakang'ono kamene kamafufuma mpaka kudzaza memory yonse, kapena kamene kamawerenga mafayilo ena a pa kompyutapo. Mbali imeneyo, imene amati DTD ndi ma entity ochokera kunja, muizimitse. Simukuifuna.

Tsopano ndifike pa mtima wa nkhaniyi, pamene ndikufuna muthere nthawi yambiri. Chinenero si pulogalamu ili pa laputopu yanuyo. Chinenero ndi malamulo, ndipo pakadali pano malamulowo ali m'mutu mwanu mokha. Chichitike n'chiyani mwana akalemba ka="0"? Nanga ka="-2", kapena ka="nkhuku"? Nanga <bwereza> ikakhala mkati mwa <bwereza> inzake? Dzina limene lapatsidwa nambala mkati mwa tagi, kodi likhalabe ndi moyo tagiyo ikatsekedwa? Inu mayankho mukuwadziwa, kapena pulogalamu yanu imangochita kenakake mwangozi. Mlendo sangasiyanitse ziwirizi, ndiye sangadziwe ngati zimene waona n'cholakwika choti akonze kapena n'zimene munafuna.

Nkhani ya Markdown, kalembedwe kosavuta kokonzera maonekedwe a mawu pa kompyuta, imaphunzitsa bwino zimenezi. John Gruber anaitulutsa mu 2004, ndi kufotokoza kwachidule komanso pulogalamu imodzi yolembedwa mu Perl. Anthu anaikonda, ambiri n'kulemba mapulogalamu awoawo oiwerengera. Koma pamene kufotokozako kunali chete, aliyense anagamula mwa iye yekha, mapeto ake fayilo imodzi inkaoneka mosiyana malinga ndi kumene mwaitsegulira. Panapita zaka 10 kuti gulu lina, mmene munali John MacFarlane, litulutse CommonMark, chikalata cha malamulo omveka bwino a Markdown, mu 2014 pofuna kuthetsa chisokonezocho. Chimene ndimakonda m'chikalata chawocho n'chakuti chili ndi zitsanzo zoposa 600, chilichonse chikusonyeza zolembedwa ndi zimene ziyenera kutuluka, ndipo zitsanzo zomwezo ndizo mayeso a pulogalamu. Kompyuta imaziyendetsa zonse n'kunena zimene zalephera.

Chitani chimodzimodzi, pamlingo wanu. Tsegulani foda, muikemo mafayilo awiriawiri: ina ya pulogalamu yaing'ono, inzake ya zimene ziyenera kutuluka. Yambani ndi 30. Muikemonso zolakwika dala, pamodzi ndi uthenga umene mwana ayenera kulandira. Polemba zimenezi mudzapeza malo asanu kapena asanu ndi limodzi amene inuyo simunaganizepo, ndipo n'kwabwino kuwapeza muli nokha usiku kusiyana n'kuwapeza mkangano uli mkati. Phindu lina lidzaoneka munthu wosamudziwa akadzatumiza kusintha kwake, chimene amati pull request. Simudzafunika kumukhulupirira kapena kumukayikira. Mayeso akadutsa onse, mudzadziwa kuti sanaphwanye kanthu.

Kenako laisensi. Apa ambiri amalakwitsa poganiza kuti kuika khodi poyera pa intaneti ndiye kuti aipereka. Ayi. M'mayiko ambiri zimene munthu walemba zimatetezedwa ndi lamulo la umwini nthawi yomweyo, ndipo popanda laisensi wina alibe chilolezo chokopera, kusintha kapena kugawa. Anthu osamala sadzaikhudza n'komwe. Laisensi ya MIT ndi yaifupi, imati chitani nayo chilichonse bola musachotse dzina la mwini ndi mawu a laisensiyo. Ya Apache 2.0, ya mu 2004, ndi yofanana nayo koma imawonjezera chitetezo pa nkhani ya ma patent, ndiye kuti umwini wa luso limene munthu watulukira. Ya GPL imati amene wasintha khodi n'kugawira ena, apereke khodi yosinthidwayo pa laisensi yomweyo. Kwa chinenero chatsopano chimene chikufuna ochigwiritsa ntchito, ine ndikanatenga MIT kapena Apache. Musalembe laisensi yanuyanu. Ndipo popeza muli pa ntchito, funsani kaye abwana anu ngati mgwirizano wanu ukunenapo kanthu pa zimene mumalemba, makamaka ngati zina munalembera pa makina a sukulu. Mapulogalamu a ana musawaike poyera popanda chilolezo chawo ndi cha makolo awo.

Zotsalazo n'zopepuka. Khodi muiike mu Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa khodi, pa tsamba losungirapo khodi monga GitHub, GitLab kapena Codeberg, pamene mwazolowera. Fayilo ya README, imene mlendo amayamba kuwerenga, inene m'mizere itatu kuti chinenerochi n'cha ndani, isonyeze kachitsanzo ka Moni kaja, kenako njira yoikira pa kompyuta. Mukamaliza, bwerekani laputopu ya mphunzitsi mnzanu, iye akhale pampando, inu muime kumbuyo manja mutapinda. Musalankhule. Pamene adzaime n'kukanda m'mutu, lembani, chifukwa pamenepo ndi pamene mlendo akanathawira. Bwerezani ndi munthu wina mpaka Moni azituluka katatu mphindi zisanu zisanathe.

Pamenepo ndiye muitane anthu, ndipo muyambe ndi apafupi: aphunzitsi anzanu, ana amene anamaliza kalasi yanu, amene ali ndi vuto lomwe linakuvutani inu. Muwakonzere tintchito tating'ono tooneka mapeto ake, monga kukonza uthenga umodzi wosamveka kapena kuwonjezera zitsanzo zitatu. Pa GitHub tintchito totere amatiika chizindikiro cha good first issue. Wolemba malangizo, womasulira mauthenga, wonena kuti mwana wake wasokonezeka pa tagi yakuti, onsewo ndi antchito enieni, mayina awo alembedwe. Ndipo wina akalemba, muyankheni mawa lisanathe, ngakhale n'kungoti mwaona, mubweranso Loweruka.

Padzafika tsiku limene munthu wakhama adzabweretsa matagi atsopano khumi amene watha nawo mwezi wathunthu, koma osayenera ana. Mudzafunika kukana, ndipo zidzakupwetekani. N'chifukwa chake mulembe lero, poyera, kuti pakadali pano wogamula ndinu, komanso kuti wofuna tagi yatsopano ayambe walemba ganizo lake asanalembe khodi. Python inayamba njira yotere mu 2000, ya zikalata zotchedwa PEP, Guido van Rossum, amene anayambitsa chinenerocho, akadali wogamula womaliza. Anatula udindowo mu 2018, ndipo chaka chotsatira panasankhidwa komiti ya anthu asanu. Python inatuluka mu 1991, ndiye werengani zaka zimene zinadutsa komiti isanafunike. Mphamvu yolowetsa khodi mwachindunji musafulumire kugawa. Mu Marichi 2024, Andres Freund anatulukira khomo lachinsinsi lolowera m'makompyuta a anthu mu xz Utils, pulogalamu ya open source yochepetsa kukula kwa mafayilo, limene linaikidwa ndi munthu amene anathandiza ntchitoyo kwa zaka zingapo mpaka kukhulupiriridwa.

FUNSO LINA

Wowerenga wina wafunsa mwachidule: "Nditaika khodi yanga poyera, wina akaitenga n'kuyamba yake, sindiye kuti wandibera?"

Achimwene, ngati wasunga zimene laisensi ikunena, sanabe. Zimenezo zimatchedwa fork, ndipo ndi gawo la lonjezo limene mumapanga posankha open source. Nthawi zina ndizo zimapulumutsa ntchito. Lucee, pulogalamu ya open source yoyendetsa CFML ija ndatchula pamwambapa, inayamba mu 2015 ngati fork ya Railo, pulogalamu ina yotere, ndipo anthu amene anali ndi mapulogalamu a CFML anapeza kopitirizira. Chimene mungateteze ndi dzina: lembani mu README kuti wopanga fork asankhe dzina lina, kuti ogwiritsa ntchito asasokonezeke. Koma ngati mtima wanu sukulola n'komwe kuona khodi yanu m'manja mwa wina, dikirani kaye, musaike laisensi, chifukwa zimene mwatulutsa kale pa laisensi yotere simungazilandenso kwa amene anazitenga.